Mpando wa Kutsogolo

Lolemba, 6 Okutobala

A Hedi andiitana ku ofesi belu lisanalire. Ine ndimayesa ndi nkhani ya choko, poti mwezi wonse ndakhala ndikulemba pa bolodi ndi tizidutswa tonga mano a khanda. Ayi ndithu. Akuti alangizi a sayansi aja anabwera temu yatha analemba kuti anapeza theka la Fomu 2B lili m'tulo pa phunziro langa, ena mpaka dovu pa desiki. Akubweranso pa 21. Akadzapezanso ana akugona, kalasi andilanda, ine ndikasunge laibulale.

Laibulale! Chipinda chija muli mashelefu, mileme, ndi mapu a dziko lapansi amene chiswe chinadya theka. Ndi kumene amataya mphunzitsi amene akuopa kumuchotsa ntchito poyera. Ine ndinayamba kugwira choko a Hediwa akadali kuvala kabudula wong'ambika kumbuyo, lero akundiuza za laibulale uku akutokosa m'mano ndi kapepala.

Ndangoti, "Zikomo, a Hedi." Mumtima ndawatukwana mpaka kwa azigogo awo.

Alangiziwo akufuna adzaone ana akufunsa mafunso a sayansi ndi kupanga chimene iwo amachitcha hayipothesisi. Mawuwo amawatchula atatseka maso ngati akumeza uchi. Nzeru za m'ma wekishopu izi, za anthu amene kalasi anaiona komaliza ali ndi tsitsi.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Ndayesa. Ndakhala pampando wanga, ndatseka kope la notsi, ndati, "Lero simulemba. Funsani funso lililonse la sayansi."

Mitu makumi asanu ndi limodzi, maso onse pa ine ngati nkhuku zoona chimanga chili m'botolo.

"Mwamva?"

"Eee, aphunzitsi!"

"Pali funso?"

"Ayiii, aphunzitsi!"

Pambuyo pake Wailesi, mnyamata wa kumbuyo uja pakamwa pake sipapuma, wakweza dzanja. Mtima wanga myaa. Iye: "Zimenezi zibwera pa mayeso?" Wina: "Tisiye mizere ingati?" Ndawauza kuti safunsa anadya phula. Atenga zolembera, alemba m'makope, safunsa anadya phula, wina mpaka kudula mzere kunsi kwake ndi rula.

Ndatsegula notsi zanga, ndayamba kuwerenga, iwo n'kumalemba. Bola apa timamvana. Notsi zimenezi zakhozetsa anthu, ena lero ndi madokotala. Pofika tsamba lachiwiri mzere wa kukhoma unali utagwa kale.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ku stafu Kamasamu, kamphunzitsi ka masamu kaja kabwera chaka chino ndi taye yofiira, kandipatsa malangizo osawapempha. "Mayi, ana amafunsa za chimene chikuwayabwa iwowo." Ndakayang'ana kuyambira ku nsapato. Mwana wa dzulodzuloyu, amene amakuwa m'kalasi ngati akuitanira basi, aziphunzitsa ine kuyabwa?

Madzulo ndafotokozera bambo a ana nkhani yonse, kuyambira laibulale mpaka taye yofiira. Ndisanafike pakati ndamva nkonono. Amuna ena amathandiza akazi awo kuganiza, anga amathandiza sofa.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndawamasulira chimawu cha alangizi chija. Ndati hayipothesisi ndi ganizo loti liyesedwe, basi. Umayamba ndi "mwina", n'kunena chimene ukuganiza kuti chikuchititsa chinthu, kenako umayesa kuti uone ngati wanama.

Akana. Akuti "mwina" si yankho. Wailesi akuti kuyambira ku pulaimale, ukati "mwina" umauzidwa kuti khala pansi, mwina ndi m'bale wake wa bodza. Ana awa akhoza kukuwerengera mbali zonse za duwa osapuma, koma uwafunse chifukwa chake duwa lafota pa windo, amayang'ana denga ngati yankho analipachika kumeneko.

Ndili mkati mofotokoza, ndaona mtsikana wina mutu uli pa desiki, pakamwa yasaa. Ndamenya tebulo. "Kodi inu, n'chifukwa chiyani mumagona pa phunziro langa?"

Ndimakalipa chabe. Koma kutsogolo kuno kuli kamtsikana kamene anzake amakatcha Chetechete, poti chiyambire Fomu 1 mawu ake ndawamva poitana mayina pokha. Kanena chapansipansi, maso ali pa desiki: "Aphunzitsi, limenelo ndi funso la sayansi?"

Ndinafuna kukauza kuti katseke pakamwa. Kenako ndaganiza, eya, bwanji osatero? Ndalemba pa bolodi ndi zilembo zazikulu: N'CHIFUKWA CHIYANI 2B IMAGONA PA SAYANSI? Yankho ndikulidziwa kale ine. Ndi mawindo. Chaka chatha akuba ataba mababu, a Hedi mwa nzeru zawo zakuya anakhomera misomali mawindo onse a chipinda chino. Mpweya umene timapuma muno ndi womwe tinapuma temu yatha. Tsiku la alangizi ana adzanena okha, ndi manambala, a Hedi ali pompo. Tidzaone amene adzasunge laibulale.

Lero ndadya bwino.

Lachisanu, 10 Okutobala

Aliyense walemba "mwina" wake pa kapepala. Zambiri ndi zinyalala. Mwina ndi satana. Mwina ndi chibadwa. Mwina sayansi ndi mankhwala a tulo (Wailesi ameneyo, ndamuzindikira ndi kalembedwe konga mapazi a nkhuku). Ndawafunsa kuti satana timuyesa bwanji, timuika pa sikelo? Aseka, ndipo kwa kanthawi palibe anagona.

Otheka kuyesedwa atsala atatu. Mwina ndi njala, poti sayansi imabwera nthawi yoti aweruke yayandikira. Mwina ndi mawindo (ndinachita kuwakankhira pang'ono, ndikuyang'ana misomali ija mpaka wina anazindikira). Ganizo lachitatu ndi la Chetechete: "Mwina vuto ndi mpando wa kutsogolo."

Ndawerenga mokweza, ndaseka mpaka misozi. Mpando! Mpando wa matabwa, wa miyendo inayi, umene ndakhalira zaka zonsezi, lero wayamba kulodza ana? Chodabwitsa, ndimaseka ndekha. Ena onse anangowerama, wina akukanda desiki ndi chikhadabo. Alibe ndi nthabwala zomwe ana a masiku ano.

Ndalisiya pa bolodi dala, kuti aone mmene ganizo lopusa limafera likayesedwa. Ndawapatsa malamulo awiri: posintha, sintha chinthu chimodzi chokha, ndipo chimene wapeza, wapeza, usachikonze kuti chikukomere. Chetechete ndiye aziwerenga ogona, poti iye sagona, amangokhala tong'oo ngati kadzidzi.

Lero, zonse zili mwa masiku onse, ogona 24.

Lamulungu, 12 Okutobala

Kutchalitchi abusa alalikira ola lathunthu ndi mawu amodzimodzi ngati njuchi m'chitini. Anthu tulo. Anthu ena sadzimva ndithu akamalankhula.

Lolemba, 13 Okutobala

Kuyesa njala. Ndasinthana ndi Kamasamu, sayansi yalowa m'mawa weniweni, ana akadali ndi za m'mimba. Kamasamu kavomera mwansangala, kakuti, "Mayi, ndasangalala kuti mukuyesa zatsopano." Kasangalale kwawo.

Ogona 21. Wailesi akuti atatu achepawo ndi umboni. Ndamuuza kuti atatu ajomba lero, awerenge bwino. Njala yafa, ndaidula mzere pa bolodi. Wailesi wagwira pamimba ngati wamwalira ndi m'bale wake.

Mawa mawindo. Ndachapa kale bulauzi ya pa 21.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Misomali sindingazule popanda chilolezo, ndiye ndasamutsa kalasi yonse kupita ku holo, kumene mawindo alibe ndi magalasi omwe, mphepo imangodutsa ngati pa msewu. Anyamata awiri anyamula tebulo ndi mpando wanga. Ndakhala, ndatsegula notsi, mutu wa lero kayendedwe ka magazi.

Ogona 26.

Ndamuuza Chetechete awerengenso. Wawerenganso, 27, wina anali atangogwa kumene. Akuti kamphepo kamakoma.

Ana awa ndi afiti. Munthu ukuwakonzera chilungamo, iwo akugona pa mphepo ya boma. Ndawauza kuti kuyesa kamodzi sikukwanira, mwina holo ili ndi vuto lake. Chetechete wakweza chala, kachiwiri m'moyo wake: "Aphunzitsi, masamu timaphunzira m'chipinda chokhomedwa chomwe chija, koma sitigona."

Ndati pa masamu angagone ndani, munthu akukuwa ngati nyumba ikupsa? Amenewo ndi mantha, si maphunziro.

Mutu ukundiwawa.

Lachitatu, 15 Okutobala

Holo kachiwiri. 25. Sindilemba zambiri.

Lachinayi, 16 Okutobala

Latsala la mpando. Ndati tithane nalo, tiseke, tibwerere ku nkhani ya mawindo ndi njira ina. "Wailesi, tulutsa mfitiyo panja." Waunyamula ndi manja awiri mwaulemu ngati wanyamula apongozi ake, waukhazika pakhonde.

Kuwerenga notsi uli chiimire ndi chilango. Kope lolemera, magalasi akutsetsereka, bondo lamanzere likulira. Ndaliika kopelo pa tebulo, ndayamba kuyendayenda kuti bondo lisaume. Poti sindimaona notsi, ndimangonena za m'mutu, ndipo pofuna kupuma ndimawaponyera funso. Ndafika mpaka kumbuyo, kumene sindinapondeko chiyambire chaka. Kuli dziko lina kumeneko! Desiki ina ilibe thabwa la pamwamba, ana atatu amalembera pa maondo. Pa khoma ajambulapo munthu wa magalasi ali pampando, pakamwa pakutuluka mizere yaitali. Luso lake lochepa, sindinadziwe kuti ndi ndani.

Ndagwira dzanja la mnyamata wina, ndamuuza apeze pamene mtsempha ukugunda. Kalasi yonse yayamba kudzigwira m'mikono ndi m'makosi. Wina wakuwa kuti iye alibe, wafa. Phokoso ngati pa msika.

Ogona 4.

Chetechete wanena nambalayo osandiyang'ana. Ndati zangochitika, mawa tibwereza mpando uli m'malo mwake, muone.

Lachisanu, 17 Okutobala

Mpando wabwerera, ine pampando, notsi m'manja. 23.

Ndiye kuti chiyani? Ndautembenuza, ndaugogoda, ndaununkhiza ndi kununkhiza komwe ana atatuluka. Thabwa ndi thabwa. Vanishi anatha kalekale, ndiye si fungo. Kulira sulira. Kapena umatchinga bolodi? Ine mphunzitsi wa sayansi, wa satifiketi ziwiri, ndagwada pansi kusuzumira kunsi kwa mpando ngati ndataya ndolo. Kamasamu kadutsa pakhomo, kafunsa ngati ndikufuna thandizo. Ndati ndikufuna kuti anthu aziyenda njira zawo.

A Hedi amva kuti tikufufuza. Andiimitsa pakhonde. "Madamu, za mawindo zija musazitchule pamaso pa alendo. Nenani za njala, vuto likhale la makolo." Ndati njala tinayesa, inakana. Akuti, "Ndani adzafunse?" Mutu wa sukulu umenewo. Nsomba imayamba kuola kumutu, ndipo ya kuno inayamba kale kununkha.

Loweruka, 18 Okutobala

Ndimasita zovala, bambo a ana akusenda lalanje pakhomo. Poti ndinali chiimire ndi ayironi, ndawafotokozera mwachidule, ndi manja omwe: njala ayi, mawindo ayi, mpando eya. Sanagone. Afunsa kuti analemba za mpandozo ndani. Ndati kamtsikana kena kofatsa, kaulemu kwambiri, kopereka kope ndi manja awiri.

Aseka mpaka kutsamwa ndi nthanga ya lalanje.

"Amayi, inu simunakule ndi anthu kodi? Mwana waulemu angaloze munthu wamkulu ndi chala? Kwathu agogo akaledzera tinkati ndodo yawo yatopa. Mpando umaphunzitsa? Amakhalapo ndani pampandopo?"

Ayironi inali pa bulauzi ya pa 21 ija. Ndazindikira ndi fungo.

Ndiye kuti kalasi yonse inadziwa. Tsiku lija ndimaseka ndekha mpaka misozi, iwo atawerama, amandimvera chisoni. Ana a anthu, mitu makumi asanu ndi limodzi, kundimvera chisoni ine! Ndipo Wailesi kunyamula mpando ngati apongozi ake, amadziwa amene wanyamula. Munthu wa magalasi wa pa khoma uja ndamudziwanso tsopano.

Bambo a ana, pofuna kukonza, akuti, "Musadandaule, mawu anu ndi ozizira bwino, ine amandithandiza." Ndawauza kuti chakudya cha masana akaphike okha, aone ngati mawu ozizira amakhutitsa.

Lamulungu, 19 Okutobala

Sindinapite kutchalitchi. Ndinaopa kuwayang'ana abusa. Anyani amasekana zikundu.

Tsiku lonse ndakhala ndikukangana ndi kamtsikana kamene kalibe pano. Madokotala aja anakhoza ndi notsi zomwezi, pampando womwewu! Kenako mawu ena m'mutu akuti, anakhoza angati, anagona angati, unawerengapo? Mawu amenewo akufanana ndi a Kamasamu, ndiye ndawathamangitsa.

Zandiwawa, ndisaname. Kuposa za laibulale.

Lolemba, 20 Okutobala

Ndamuitana Chetechete pa buleki. Waima pakhomo, manja kumbuyo.

"Mpando uja umatanthauza chiyani?"

"Mpando basi, aphunzitsi."

"Ndiyang'ane. Mpando basi?"

Maso pansi. Chala cha kuphazi chikukumba simenti. Akanatha kuima pamenepo mpaka Khirisimasi osanena kuti ndinu. Analeredwa mwanayu, ndipo kuleredwa kwakeko ndi kumene kwandivula pagulu.

Ndamuuza kuti mawa ndiye afotokoze zofufuza zathu kwa alangizi. Anene funso, anene za njala, anene za mawindo, athere pomwepo, anene kuti kafukufuku akupitirira. Za mpando azisiye, alendo sangazimvetse. Ine ndidzaphunzitsa chiimire, palibe adzagone, aliyense adzapita kwawo ndi ulemu wake.

Wati, "Chabwino, aphunzitsi." Watembenuka, wafika pakhomo, waima. "Koma munati chimene tapeza, tapeza."

Ndati ndamva, pita ukasewere. Lamulo ndinapanga ndine, ndikhoza kulipumitsa tsiku limodzi. A Hedi amapumitsa malamulo tsiku lililonse ndipo akunenepa.

Bulauzi ina ndilibe yabwino. Ndivala yobiriwira ija imandithina m'khwapa.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Alangizi afika ndi chikwama chawo chonenepa, a Hedi pambuyo akumwetulira ngati mkwati. Mipando ya alendo inachepa, ndiye a Hedi akoka mpando wanga, akhalapo iwo kutsogolo, mwendo pa unzake. Ana ayang'anana. Wailesi waluma kolala ya shati kuti asaphulike.

Ndaphunzitsa chiimire. Palibe wagona, kupatula diso limodzi la a Hedi. Kenako ndaitana Chetechete. Mawu ake ang'onoang'ono, koma wanena bwino: funso lathu, mwina woyamba, mmene tinayesera, manambala, njala ayi. Mwina wachiwiri, holo, manambala, mawindo ayi. Pa mawindo a Hedi apuma mpweya wonse wotsala m'chipindamo. Kenako mwana uja wati, "Kafukufuku akupitirira," wapinda pepala lake.

Alangizi avula magalasi. Ndinkawayesa chitsiru cha m'ma wekishopu, koma kuwerenga amatha. "Pa bolodi ndikuona munalemba atatu, lachitatu mwafufuta koma likuonekabe. Linali lotani?"

Choko chathu chotchipachi, polemba sichioneka, pofufuta sichichoka.

Chetechete wandiyang'ana. Koyamba chiyambire kundiyang'ana m'maso, ndipo amafunsa chilolezo. Ndagwedeza mutu, sindikudziwa ngati ndimati eya kapena ayi. Iye wati, "Mwina vuto ndi mpando wa kutsogolo. Titauchotsa anagona anayi. Titaubweza anagona 23."

A Hedi aseka mpaka kumenya ntchafu, pampando womwewo. "Mwaonatu, bwana, sayansi ya muno! Mipando yolodza! Mwana iwe, kwanu amakuphunzitsa zamatsenga eti? Ndi zimene ndimanena zija, bwana, kalasi ino ikufunika munthu wina." Alangizi nawo amwetulira, ayamba kulemba. Amufunsa mwanayo kuti thabwa lingagonetse bwanji munthu, afotokoze. Iye wawerama. Misozi yayamba kulengeza. Yankho analidziwa bwino lomwe kuposa tonse m'chipindamo. Anasankha kuti amuyese chitsiru pamaso pa alendo kusiyana n'kuti anditchule.

Kunena zoona sindikudziwa chimene chinandikankha, chisoni kapena kuseka kwa a Hedi, poti kuseka kumene kuja kukhoza kudzutsa ndi maliro omwe. Ndangomva pakamwa panga pakulankhula.

"Bwana, mwanayu si wopusa, ndi waulemu. Sangatchule munthu wamkulu. Mpando akunenawo ndine. Ndikakhala pansi n'kumawerenga notsi, amagona. Ndikaima n'kumawafunsa, sagona. Anaganiza yekha, tinayesa kawiri, manambala ndi amenewo. Ine ndinamuuza kuti abise."

Thukuta m'khwapa mwa bulauzi yobiriwira. A Hedi ayamba kusuntha pampando paja ngati pamera minga, kenako aimirira, akuti akufuna kuwongola miyendo. Wailesi walephera kupirira, wabisa mutu m'desiki, desiki yonse ikugwedezeka.

Alangizi afufuta zimene analemba. Afunsa Chetechete kuti pochotsa mpando, chinasintha ndi chinthu chimodzi kapena zingapo? Mwana uja wapukuta m'maso, waganiza, wati zingapo: aphunzitsi anaima, anasiya kope, anafika kumbuyo, anatifunsa. "Ndiye chenicheni ndi chiti?" Iye: "Sitinayese." Alangizi atseka maso ngati akumeza uchi uja.

Potuluka sanandiuze kanthu. Ndafika kunyumba, ndagona ndi nsapato.

Lachitatu, 22 Okutobala

A Hedi andiuza ali chiimire, akuyang'ana kalendala. Kalasi ndikhala nayo mpaka kutha kwa temu. Alangizi adzabweranso, tsiku sananene, ndipo akadzapeza tulo nkhani ya laibulale idakalipo. Akutinso misomali ya m'mawindo izulidwe, "ngakhale kuti si imene imachititsa." Mbali imeneyo aibwereza kawiri.

Kamasamu kanditsegulira chitseko cha ku stafu, kayamba, "Mayi, dzulo munali..." Ndati kakamalize chiganizocho kwa amayi ake.

Mpando ndaunyamula ndekha, kudutsa bwalo lonse ana akuonerera, mpaka ku laibulale. Ndaukhazika pakati pa mileme ndi mapu odyedwa aja. Mmodzi wa ife amayenera kupita kumeneko.

Sayansi inali yomaliza, dzuwa lili pamutu. Bondo likulira, notsi zili m'chikwama. Wailesi wafunsa chifukwa chake munthu akayasamula mnzake amayasamulanso. Ndati, "Sindikudziwa." Mawu amenewo anatuluka ngati dzino lozula. Manja ayamba kukwera, mwina uyu, mwina uyo, ambiri opusa ndithu, wina mpaka wabwezamo satana.

Pakati pa phokoso lonselo, ku mzere wa kukhoma, mnyamata mmodzi ali m'tulo, dovu pa desiki. Ndapita, ndakweza dzanja kuti ndimenye desikiyo, ndalibweza. Ndafunsa kalasi, "Nanga uyu bwanji?"

Chetechete wakweza chala. "Mwina..." Waima, wayang'ana pamene panali mpando paja, kenako wayang'ana ine.

Ndati, "Nena, mwanawe. Ndaima kale."